Kupulumuka mu Minecraft: kuyambira chipika choyamba mpaka dayamondi

Minecraft, gemu ya dziko lopangidwa ndi mabuloko (timabokosi ta dothi, mwala, mitengo ndi zina), sikuuzani chochita. Mukatsegula dziko latsopano la Survival, momwe mumadzipezera nokha zonse kuti mupulumuke, imangokuponyani penapake chimanjamanja, kaya m'nkhalango, kaya m'mphepete mwa nyanja, dzuwa litangotuluka kumene. Tsiku lathunthu la m'gemuyi ndi mphindi 20 zokha: masana amatenga mphindi pafupifupi 10, usiku mphindi 7, zotsalazo ndi chisisira ndi m'bandakucha. Oyamba kumene ambiri amafa usiku woyamba chifukwa mphindi 10 zija amazithera kuthamangitsa nkhumba ndi kukwera mapiri, mdima n'kuwapeza alibe pogona.

Gemuyi anaiyambitsa ndi Markus Persson wa ku Sweden mu 2009, inatuluka yathunthu mu Novembala 2011 kudzera ku kampani ya Mojang, ndipo Microsoft inagula kampaniyo mu 2014. Ilipo ya Java, yomwe ndi ya pakompyuta, ndi ya Bedrock, yomwe ili pamafoni. Kuno ku Dedza ndi ku Ntcheu ambiri amasewera pafoni, ndiye zimene zili pano ndi za Bedrock. Pomwe Java ikusiyana tinena.

Chinthu chilichonse m'gemuyi chimadikira chinzake. Mtengo umakupatsani piki ya mtengo, piki imeneyo imathyola mwala, piki ya mwala imathyola chitsulo, ya chitsulo ndiyo imatulutsa dayamondi. Mukalumpha sitepe mumangowononga: mwala womenya ndi dzanja umasweka koma osasiya kanthu, ndipo dayamondi wokumba ndi piki ya mwala amatheratu pomwepo, osabweranso.

Konzani foni kaye

Popanga dziko, sankhani Survival ndipo pa Difficulty ikani Normal. Pa Peaceful zilombo sizibwera, njala siigwira, ndiye simuphunzirapo kanthu. Pa Hard njala imapha ndithu, ndipo ma zombie amathyola zitseko zamatabwa. Yatsaninso Show Coordinates. Pakona ya sikirini paziwoneka manambala atatu: X ndi Z ndi malo amene muli, Y ndi kukwera kapena kutsika kwanu. Popanda Y simungakumbe mwanzeru.

Foni ya RAM yochepa imatentha ndi kumadukizadukiza. Pitani ku Video, tsitsani Render Distance pansi penipeni, zimitsani Fancy Leaves, Beautiful Skies ndi mitambo. Batire limakhalitsako, zomwe n'zofunika kwa amene mumatchajitsa foni kumsika wa Lizulu kapena pa sola ya kunyumba. Brightness yokha ikwezeni, chifukwa m'mapanga mumada kwambiri mukamasewera panja masana. Batire likatsala pang'ono dinani Save & Quit; foni ikazima gemu ili mkati mosunga, dziko nthawi zina limawonongeka osatsegukanso. Komanso musachotse gemuyi pafoni kuti mupeze malo: pa Android maiko anu amatha kupita nayo limodzi.

Kusewera nokha sikufuna bandulo. Kusewera ndi anzanu muli pamodzi kumatheka onse mukalumikiza pa Wi-Fi kapena hotspot imodzi, koma vesheni ya gemu ikhale yofanana pamafoni onse, apo ayi dziko la mnzanuyo likukanani. Minecraft ndi yogula pa Google Play, ndipo ma APK otumizirana aja nthawi zambiri ndi akale, ena amabwera ndi mavairasi. Amene akufuna yaulere yofanana nayo angayese Luanti, yomwe kale inkatchedwa Minetest, ngakhale manambala ake ndi ena.

Mphindi 10 zoyamba

Pitani pa mtengo wapafupi, ikani chala pa thunthu osachotsa mpaka buloko lithyoke. Mukachotsa chala pakati, ming'alu ija imatsekeka, n'kuyambiranso. Dulani zipika zosachepera 10, ndipo thunthu lizitha lonse. Masamba amayoyoka okha pokhapokha zipika zonse zitachoka, ndipo mbande zodzala zimagwa kuchokera m'masambamo, pamodzi ndi maapulo ngati mtengowo ndi wa oak.

Chipika chimodzi chimapereka matabwa 4. Matabwa 4 amapanga crafting table, tebulo logwirirapo ntchito, lomwe lili ndi timipata 9 pomwe m'thumba mwanu muli 4 tokha. Zipangizo zonse zimapangidwira patebuloli. Matabwa 2 osanjikiza amapereka ndodo 4. Piki imafuna matabwa 3 ndi ndodo 2. Pafoni simuvutika ndi kasanjidwe, mumangodina chithunzi cha chinthucho kumanzere ndipo gemu imasanja yokha.

Chipangizo chamtengo chopanga ndi piki yokhayo. Nkhwangwa ndi lupanga la mtengo n'kutaya matabwa, popeza mwala uli pafupi. Thyolani tebulo lija mulinyamule, fufuzani mwala pa chitunda kapena kumbani dothi mabuloko angapo pansi. Mwala ukasweka umasanduka cobblestone. Miyala 3 yoyamba pangirani piki ya mwala nthawi yomweyo, kenako pitirizani ndi imeneyo mpaka mutole 14 ina: 2 ya lupanga, 3 ya nkhwangwa, 1 ya fosholo, ndi 8 ya ng'anjo. Piki ya mtengo imatha ikamenya pafupifupi ka 60, ya mwala ka 130, ya chitsulo ka 250, ya dayamondi kupitirira ka 1,500. Ya mtengo ija musaitaye, imayaka m'ng'anjo.

Mukuyenda choncho, maso akhale pa nkhosa. Bedi limafuna ubweya 3 wa mtundu umodzi ndi matabwa 3. Nkhosa imodzi mukaipha imapereka ubweya umodzi ndi nyama. Ubweya 2 woyera ndi umodzi wakuda supanga bedi, ndipo apa ndi pamene ambiri amadabwa kuti chithunzi cha bedi sichikudinika. Ngati nkhosa kulibe, ulusi 4 wa akangaude umapanga ubweya umodzi woyera.

Chotsala ndi moto wowunikira. Malasha amaoneka ngati timadontho takuda pamwala, makamaka m'mbali mwa mapiri. Akasowa musawononge nthawi: ikani chipika m'kampata ka pamwamba ka ng'anjo, thabwa m'kampata ka pansi, ndipo pakatha masekondi 10 mutulutsa khala. Khala loyambalo libwezeni pansi ngati nkhuni, chifukwa khala limodzi limawotcha zinthu 8 pomwe thabwa limawotcha chimodzi ndi theka. Khala limodzi ndi ndodo imodzi zimapanga miyuni 4. Makala ndi malasha amagwira ntchito mofanana pa izi.

Dzuwa likayamba kupendeka, siyani zonse. Nyumba yokongola idzabwera mawa. Lero bowolani chitunda, mabuloko 2 m'mwamba ndi 3 kapena 4 kulowa mkati, tsekani khomo ndi dothi kapena chitseko, ikani muuni, tebulo, ng'anjo ndi bedi. Matabwa 6 amapereka zitseko 3. Pachidikha popanda chitunda, kumbani dzenje la mabuloko 3 kupita pansi, lowani, n'kutseka pamwamba ndi dothi. Mchenga ndi gravel (timiyala ting'onoting'ono) sizitseka denga, zimagwa n'kukukwirirani.

Kuwala ndiko kumalamulira zilombo

Zilombo sizichokera kutali. Zimabadwa pomwepo, pa buloko lililonse lamdima. Gemu imawerengera kuwala kuyambira 0 mpaka 15. Muuni umapereka 14, ndipo kuwalako kumatsika ndi 1 pa buloko lililonse mukamatalikira. Kuyambira pa vesheni 1.18, yomwe inatuluka pa 30 Novembala 2021, ma zombie, ma skeleton, ma creeper ndi akangaude amabadwa pokhapokha pamene kuwala kwa miyuni kuli 0. Mavidiyo akale a pa YouTube amene amati kuwala kusatsike pa 8 akunena za malamulo akale.

Kuwerengerako sikudutsa chopingasa. Malo amene ali mabuloko 7 kum'mawa ndi 7 kumpoto kwa muuni gemu imawawerengera kuti ali pa mtunda wa 14, ndiye pamenepo pali mdima kale ngakhale m'maso mukuona ngati pakuwala. Kukwera ndi kutsika nakonso kumadya kuwala, ndipo khoma limakutchinga. Pabwalo ikani muuni pa mabuloko 8 kapena 10 alionse, ndipo pamalo okumbika muziyandikanitsa. Padenga musaiwale: denga lafulati lopanda muuni limabala creeper amene adzakugwereni pakhomo m'mawa. Njira ina ndi kufolera ndi galasi kapena ma slab (theka la buloko) oikidwa m'munsi mwa buloko, chifukwa pamenepo chilombo sichibadwa.

Zilombo sizibadwanso pafupi nanu kuchepera mabuloko 24. Chimene chakupezani m'chipinda chaching'ono chachita kulowa, ndiye fufuzani pamene pali mpata.

Zombie ndi wofooka, amayenda pang'onopang'ono. Skeleton amalasa ndi uta ali patali. Musamuthamangire pabwalo, bisalani kuseri kwa buloko kuti abwere pafupi. Onse awiriwa amapsa dzuwa likatuluka, kupatula akakhala pamthunzi, m'madzi, kapena atavala chipewa. Kangaude amakwera khoma, ndiye pamwamba pa mpanda tulutsani mlomo wa buloko limodzi kunja. Sangathenso kulowa pa mpata wa buloko limodzi m'lifupi, ndipo masana sakuputani ngati simunamuyambe.

Creeper, wobiriwira uja, ndiye amagwetsa nyumba. Sapsa ndi dzuwa, samveka poyenda. Akafika pafupi amalira ngati madzi akadonthera pa mbaula yamoto, ndipo pakatha sekondi imodzi ndi theka amaphulika. Mukamva kulirako musatembenuke kuti muone, thawani kutsogolo. Pomenyana naye, menyani kamodzi, bwererani m'mbuyo kuti aleke kufufuma, bweraninso. Ndipo muzikamenyera kutali ndi nyumba, chifukwa dothi ndi matabwa zimauluka kwambiri kuposa cobblestone. Amaopa amphaka. M'mawa musanatsegule chitseko, suzumirani pawindo.

Enderman, wamtali wakuda wa maso ofiirira, sakuvutitsani mpaka mutamuyang'ana kumaso. Ndi wa mabuloko 3 m'litali, ndiye mukaima pansi pa denga la mabuloko 2 sangakufikeni, inu mumangomenya miyendo yake. Madzi amamupweteka.

Bedi limadumphitsa usiku wonse, komanso ndi pamene mumadzukira mukafa. Limakana ngati chilombo chili pafupi, mabuloko 8 m'mbali kapena 5 m'mwamba ndi pansi, ngakhale chili kuseri kwa khoma. Mukalithyola kapena kulitchinga mbali zonse, mukadzafa mudzadzukira komwe munayambira dziko. Mukamasewera ndi anzanu, onse ayenera kugona kuti kuche. Masiku 3 a m'gemu akadutsa osagona, usiku kumabwera ma phantom, ouluka aja, kudzakuzwetani.

Mukafa, katundu yense amagwera pomwe mwafera ndipo amasowa pakatha mphindi 5. Mphindizi zimawerengedwa pokhapokha malowo ali pafupi ndi wosewera. Mukadzukira kutali kwambiri, wotchi imaima mpaka mutayandikira, ndiye muli ndi mpata wopanga lupanga ndi kunyamula chakudya musananyamuke. Wogwera m'chiphalaphala amapserera. Chifukwa chake zamtengo wapatali zizikhala m'bokosi kunyumba: matabwa 8 amapanga bokosi la timipata 27, awiri oyandikana amakhala limodzi la 54.

Njala ndi munda

Pansi kapena pamwamba pa sikirini pali timitima 10 ndi timiyendo ta nyama 10. Chilichonse chimaimira mapointi 2, ndiye moyo ndi 20, chakudya ndi 20. Mabala amapola okha pokhapokha chakudya chili pa 18 kapena kuposa. Chikatsika kufika pa 6 simuthanso kuthamanga. Chikatheratu moyo umayamba kutsika: pa Easy umaimira pa timitima 5, pa Normal umasiya theka la kamtima, pa Hard mumafa. Wosewera amene akudabwa kuti moyo wake sukubwerera nthawi zambiri amakhala kuti wangotsala ndi timiyendo 8. Kuthamanga uku mukudumpha kumadya chakudya msanga kwambiri.

Nyama iziotchedwa. Ya ng'ombe yaiwisi imabweza mapointi 3, yowotcha 8, ndipo imakhalitsa m'mimba. Ya nkhumba ndi chimodzimodzi. Ya nkhosa ndi ya nkhuku yowotcha imabweza 6. Nkhuku yaiwisi nthawi zina imadwalitsa, ndipo nyama yowola ya zombie imadwalitsa kawirikawiri. Idyeni pokhapokha zitavuta.

Nyama zakutchire zimatha msanga pafupi ndi nyumba, ndiye pofika tsiku lachiwiri kapena lachitatu munda uyambike. Chimanga mulibe m'gemuyi, mbewu zake ndi tirigu, kaloti, beetroot ndi mbatata ya kachewere. Njere za tirigu zimapezeka pomweta udzu. Khasu limafuna miyala 2 ndi ndodo 2.

Buloko limodzi la madzi limanyowetsa nthaka yolimidwa mpaka mabuloko 4 mbali zonse, ngakhale chopingasa. Ndiye munda wabwino ndi wa mabuloko 9 m'litali ndi 9 m'lifupi, madzi ali pakati penipeni: mapando 80 pa ndowa imodzi. Nthaka yonyowa imaoneka yakuda. Youma imakulitsa mbewu mochedwa, ndipo ikakhala yosadzala imabwerera kukhala dothi wamba. Mbewu zimafuna kuwala kwa 9 kuti zikule, choncho miyuni m'mbali mwa munda imachititsa kuti zizikula ndi usiku womwe. Mukadzala mizere yosinthanitsa, wa tirigu, wa mbatata, wa tirigu, zimakula msanga kuposa munda wa mbewu imodzi. Musadumphe m'munda: nthaka imaphwanyika, mbewu n'kuzuka. Ng'ombe ikalowa imachitanso zomwezo, ndiye mangani mpanda. Matabwa 4 ndi ndodo 2 zimapereka zigawo 3 za mpanda, ndipo ngakhale umaoneka waufupi, nyama ndi zilombo zambiri sizingaudumphe, koma kangaude amaukwera.

Tirigu amakololedwa akasanduka wofiirira. Mukathyola wobiriwira mumangopeza njere imodzi. Tirigu 3 amapanga buledi mmodzi wa mapointi 5. Mbatata imodzi yowotcha imabwezanso 5, pomwe phando limodzi limapereka mbatata zingapo ndipo mbewu yake ndi mbatata yomweyo. Pa malo ofanana, mbatata imadyetsa kwambiri kuposa tirigu, nkhani imene mlimi wa ku Tsangano kapena ku Bembeke sangadabwe nayo. Vuto lake n'lakuti siimera m'tchire. Muipeza m'minda ya m'midzi ya ma villager (anthu a m'gemuyi), kapena mwa apo ndi apo kwa zombie wophedwa. Yobiriwira ija ndi yapoizoni, itayeni. Fupa limodzi la skeleton limapereka fetereza 3 wa bone meal, wokulitsa mbewu nthawi yomweyo, ndipo njere zotsala mungazithire mu composter, ya ma slab 7 amatabwa, kuti zisanduke fetereza yemweyo.

Madzi osatha amapangidwa ndi dzenje la mabuloko 2 m'litali ndi 2 m'lifupi: thirani ndowa pakona imodzi, ina pakona yopingasana nayo, ndipo mungatunge mpaka kalekale.

Ziweto zimakutsatani mukagwira chakudya chawo m'manja: tirigu kwa ng'ombe ndi nkhosa, njere kwa nkhuku, kaloti kapena mbatata kwa nkhumba. Zilowetseni m'khola, dyetsani ziwiri, mwana abadwa. Zimapuma mphindi 5 musanazidyetsenso, mwana amakula pa mphindi 20. Ng'ombe ziswane kaye zisanayambe kuphedwa, chifukwa zikopa zake mudzazifuna zambiri.

Chitsulo, ndi malamulo a pansi pa nthaka

Dziko limayambira pa Y -64 pansi mpaka 320 m'mwamba, ndipo madzi a nyanja ali pa 62 kapena 63. Mwala uliwonse wamtengo uli ndi msinkhu wake. Malasha amachuluka kumtunda ndipo pansi pa Y 0 kulibe, ndiye nyamulani okwanira musanatsike. Chitsulo chimachuluka cha pa Y 16, komanso pamwamba pa mapiri ataliatali. Kopa ali cha pa 48, lapis cha pa 0, golide cha pa -16. Chitsulo chimaoneka ndi timadontho tofiirira ngati dothi la katondo lotuwirako, kopa ali ndi tobiriwira ndi tofiira. Oyamba kumene amazisokoneza.

Chitsulo chokumba n'chachiwisi, chimayamba chalowa m'ng'anjo. Zitsulo 7 zoyamba zigawidwe motere: 3 za piki, 1 ya chishango pamodzi ndi matabwa 6, ndi 3 za ndowa. Ena amathamangira lupanga, koma chishango cha chitsulo chimodzi chimatchinga mivi ndi kuphulika kwa creeper, zomwe lupanga silingachite. Pa Bedrock chishango chimakwera mukanjuta ndi batani la sneak, pa Java mumagwira batani lakumanja la mausi. Zovala zonse zachitsulo zimadya 24: cha pachifuwa 8, buluku 7, chipewa 5, nsapato 4. Yambani ndi cha pachifuwa, chimateteza kuposa zinzake. Piki ya chitsulo isungireni miyala yamtengo. Mwala wamba muzikumba ndi mapiki a mwala, onyamula atatu kapena anayi.

Pansi pali malamulo amene anthu amawaphunzira atataya katundu. Musakumbe buloko limene mwapondapo, chifukwa pansi pake pangakhale phanga lakuya kapena chiphalaphala. Kugwa mabuloko opitirira 3 kumapweteka, pointi imodzi pa buloko lililonse lowonjezera, ndipo mabuloko 23 amapha munthu wamoyo wodzadza. Tsikani ndi masitepe: kumbani kutsogolo ndi pansi, buloko limodzi limodzi, mutu ukhale ndi mpata wa mabuloko 3 kuti pobwerera musamagunde. Musakumbenso molunjika pamwamba pa mutu, gravel kapena chiphalaphala chingakutsikireni. Gravel akatseka njira, thyolani buloko la pansi n'kuikapo muuni mwachangu, onse a pamwamba amaphwanyikira pamuuniwo. M'mphepete mwa phompho yendani mutanjuta, wonjuta sagwa.

M'phanga, miyuni muziika kudzanja lamanja lokha polowa. Pobwerera ikakhala kumanzere, mukupita kunja. Njira yamdima imene simunaiyendere itsekeni ndi cobblestone kaye. Ndipo lembani penapake X ndi Z za nyumba yanu musanachoke.

Ndowa ya madzi ikhale pa kampata kofikirika msanga. Mukathira madzi pa chiphalaphala chodikha chimasanduka obsidian (mwala wakuda wolimba kwambiri), choyenderera chimasanduka cobblestone. Moto ukakugwirani, thirani pamapazi panu. Pa phompho, thirani m'mphepete n'kutsika ndi madziwo. Pansi pa madzi mpweya umatha pa masekondi 15.

Dayamondi

Dayamondi amayamba kupezeka pansi pa Y 16, ndipo amachuluka mukamatsika, makamaka cha pa -58 ndi -59, pamwamba pang'ono pa mwala wosasweka wa pansi penipeni wotchedwa bedrock. Kuyambira cha pa Y 0 mwala umasanduka deepslate, wakuda ndi wolimba kuwirikiza, ndiye kukumba kumachedwa. Vuto lina n'lakuti mapanga a pa -55 kupita pansi amadzadza chiphalaphala. Amene alibe zovala zachitsulo zonse akumbe pa -53, dayamondi ndi wochepako pang'ono koma chiphalaphala chimakhala kunsi kwa mapazi. Gemu imachepetsanso dala dayamondi woonekera poyera m'mapanga, ndiye wambiri ali mkati mwa mwala, wofunika kumukumbira.

Kumbani njira imodzi yaitali, mabuloko 2 m'mwamba ndi limodzi m'lifupi. Kuchokera m'njirayi tulutsani nthambi kumanja ndi kumanzere, kusiya mabuloko 2 pakati pa nthambi ndi inzake. Mukatero buloko lililonse la pakati limaonekera mbali imodzi, palibe lobisika. Nyamulani miyuni yosachepera 64, chakudya chowotcha, zipika zingapo zopangira ndodo ndi tebulo, ndowa ya madzi, ndi cobblestone wodzadza kampata kamodzi. Mukamva kubwata kuseri kwa khoma, chiphalaphala chili pafupi.

Mukamuona dayamondi musamuthyole msanga. Kumbani mozungulira kaye, kumbuyo ndi pansi pake, kuti muone ngati pali chiphalaphala chimene angagweremo, komanso kuti mupeze anzake obisika chopingasa. Madayamondi 3 oyamba ndi a piki, chifukwa mwa mapiki amene tatchula ndi yokhayo imene imathyola obsidian, pafupifupi masekondi 10 pa buloko. Awiri otsatira ndi a enchanting table, tebulo lowonjezera mphamvu pa zipangizo, lomwe limafunanso obsidian 4 ndi buku limodzi. Kuti tebuloli lifike pa levulo 30, yapamwamba kwambiri, pamafunika mashelefu a mabuku 15 ozungulira, kusiya mpata wa buloko limodzi lopanda kanthu pakati; ngakhale muuni woikidwa pa mpatawo umadula mphamvu ya shelefu. Shelefu imodzi ndi mabuku 3 ndi matabwa 6, buku limodzi ndi mapepala 3 ndi chikopa chimodzi. Zonse pamodzi ndi zikopa 46 ndi nzimbe 138, ndiye nzimbe zidzalidwe msanga m'mbali mwa madzi, ndipo pokolola muzisiya buloko la pansi kuti ziphukenso. Mukapeza Fortune, imodzi mwa mphamvu zimenezi, pa piki, dayamondi mmodzi wa m'mwala amatha kutulutsa angapo.

Pokumba mukafika pamalo pamene pansi payala zinthu zakuda zobiriwirako zothwanima, mwalowa mu Deep Dark, yomwe inabwera mu 2022. Phokoso la mapazi limadzutsa ma shrieker, mabuloko okuwa, ndipo akalira kangapo kumatuluka Warden, chilombo cha moyo wa mapointi 500, chimene pa Normal chimapha munthu wovala chitsulo pomenya kamodzi kokha. Saona, amatsata phokoso ndi fungo. Njutani, bwererani, mukakumbe kwina.

Nether ndi End

Chipata cha ku Nether, dziko lina la moto ndi chiphalaphala, ndi felemu ya obsidian, mabuloko 4 m'lifupi ndi 5 m'mwamba. Makona safunika, ndiye obsidian 10 akwana. Chimayatsidwa ndi flint and steel, yopangidwa ndi chitsulo chimodzi ndi flint wotuluka mu gravel. Mukangowoloka, zingani chipatacho ndi cobblestone, chifukwa moto wa ghast, chilombo chouluka cha kumeneko, umachizimitsa koma suthyola cobblestone. Choyatsiracho chikhale m'thumba, osachisiya kunyumba. Ku Nether madzi amauma mukangothira, ndipo bedi limaphulika mukayesa kugonapo. Valani chinthu chimodzi chagolide, ngakhale nsapato za golide 4, kuti ma piglin, zilombo zonga nkhumba, akusiyeni, koma musatsegule bokosi kapena kukumba golide iwo akuona. Buloko limodzi la ku Nether ndi mabuloko 8 a kumtunda, ndiye ulendo wautali umafupika mukadzera kumeneko.

Chimene mukufuna kumeneko ndi ndodo za ma blaze, zilombo zamoto zopezeka m'malinga akuda. Ndodo imodzi imapereka ufa 2, ndipo ufa umodzi ndi ender pearl imodzi ya enderman zimapanga diso lotchedwa eye of ender. Mukaliponya m'mwamba kumtunda kuno limaulukira komwe kuli stronghold, linga la pansi pa nthaka mmene muli chipata cha End. Chipata cha End, dziko lomaliza komwe kuli chinjoka, chili ndi malo 12 oikamo masowa, ena amapezeka oikidwa kale, koma poponya ena amasweka, ndiye konzani 15 kapena kuposa. Mukalowa ku End simutuluka mpaka chinjoka chitafa kapena inu mutafa. Chinjokacho chimadzichiritsa ndi makristalo a pamwamba pa nsanamira 10 za obsidian, choncho yambani ndi amenewo: alaseni ndi uta muli patali popeza amaphulika, ndipo otchingidwa ndi zitsulo muwakwerere ndi mabuloko, ndowa ya madzi ili m'manja yotsikira.